Mphepo kunalibe, nanga mafunde aja anachokera kuti?

Funso: Ine ndinakulira m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, ndipo za mwera ndi mpoto palibe angandiuze. Chaka chatha ndinapeza ntchito pa boti lausodzi ku Quelimane, ku Mozambique. Tsiku lina mu July tinalawirira kunja kuli zii, ngakhale tsamba osagwedera, koma titafika pamene mtsinje umathira m'nyanja tinakumana ndi zimafunde zimene sindinazionepo chibadwire. Boti linangotsala pang'ono kugudubuzika. Pa foni ya akaputeni panalembedwa kuti mphepo 6 kt, mafunde S 2.2 m 15 s. Manambala amenewa amanena chiyani? Nanga azanyengo amadziwa bwanji za pakati pa nyanja pomwe kulibe munthu? Nyengo ya anamondwe ikuyandikira ndipo mtima wanga suli m'malo.

Yankho: Achimwene, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Chenjezo la zimene munakumana nazo linalipo pa foni paja. Linali mu nambala yomalizira ija, 15 s, imene anthu ambiri saiyang'ana n'komwe chifukwa maso amathamangira pa mphepo.

Sindikukudzudzulani ayi, nyanja yathu ndi imene inakuphunzitsani choncho. Pa Nyanja ya Malawi mphepo ndi mafunde zimayendera limodzi. Mwera ukawomba nyanja imalusa, ukaleka sipatenga nthawi yaitali kuti nyanja igone. Kukula kwa funde kumadalira liwiro la mphepo, nthawi imene yakhala ikuwomba, ndi kutalika kwa madzi amene yadutsapo popanda choitchinga. Chomalizachi mukuchidziwa kale ngakhale simunachiwerenge m'buku. Kwanu ku Mangochi, kumathero a nyanja chakum'mwera, mwera umakupezani ukungoyamba kumene ulendo wa pamadzi, n'chifukwa chake umene umakubweretserani mafunde aakulu pagombe ndi mpoto. Koma mwera womwewo ukayenda makilomita oposa 400, pofika ku Chilumba umakhala utadzutsa zoopsa. Sitima ya Vipya inamira chakumeneko pa 30 July 1946, kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anathera m'madzimo.

Tsono nyanja ya India ndi nkhani ina. Kum'mwera kwa Africa, mukapitirira South Africa kulowera ku Antarctica, kuli madzi okhaokha opanda mtunda wotchinga, ndipo m'miyezi yozizira mikuntho imangotsatizana kumeneko sabata ndi sabata. Mkuntho umodzi umatha kuwomba masiku awiri pa madzi otalika makilomita 1,000 kapena kuposa. Mafunde amene umadzutsa sathera pomwepo. Amachoka pamalo a mkunthowo n'kuyamba ulendo, ang'onoang'ono n'kufera panjira, akuluakulu n'kumapitabe mondondozana bwinobwino ngati mizere ya m'munda. Amenewa ndi amene pa Chingerezi amalemba kuti swell, pa Chipwitikizi ondulação. Safuna mphepo kuti ayende. Pamene amakupezani inu pathiriro paja, mkuntho umene unawabala mwina unali utatha kale dzana. Chilembo S chija chimanena komwe akuchokera, kum'mwera, ndipo ngalande ya Mozambique, pakati pa mtunda wa Africa ndi chilumba cha Madagascar, khomo lake lalikulu linatsegukira komweko.

Nanga 15 s? Amenewo ndi masekondi amene amadutsa kuchokera pamene nsonga ya funde limodzi yakudutsani kufikira pamene ya linzake ikufika. Pamadzi akuya, mukachulukitsa nambalayi ndi iyo yomwe, kenako ndi 1.56, mumapeza kutalika kwa fundelo m'mamita, kuchokera nsonga kufika nsonga. Funde la masekondi 5, ngati amene munawazolowera kunyanja kwathu, ndi lotalika mamita 39. La masekondi 15 ndi lotalika mamita 350, kuposa mabwalo atatu a mpira mutawalumikiza. Onse awiri foni ikhoza kuwalemba kuti ndi mamita 2.2 kupita m'mwamba, koma madzi amene lachiwirili likusenza ndi ambiri zedi. Gulu la mafunde otere limayenda makilomita pafupifupi 1,000 patsiku, ndiye mkuntho umene unali makilomita 3,000 kutali Lolemba umakupatsani moni Lachinayi.

Pakati pa nyanja funde loterolo silivuta. Boti limangokwera pang'onopang'ono n'kutsika, anthu n'kumaphika nsima osataya madzi. Vuto limayamba fundelo likamva pansi, ndipo limayamba kumva pansi pamene kuya kwa madzi kwafika theka la kutalika kwake. Kwa funde la mamita 350, ndiye kuti pa mamita 175. Gombe lanulo, kuchokera chaku Beira mpaka kupitirira Quelimane, lili ndi chithaphwi chachikulu cha madzi osaya chotchedwa Banco de Sofala, chimene chimalowa m'nyanja makilomita ambirimbiri. Funde likafika pamenepo kutsogolo kwake kumachedwa, kumbuyo n'kumabwerabe mwaliwiro, ndiye limafupika n'kuima chilili. Likafika pamchenga umene mtsinje unaunjika pathiriro pake, pamene anzanu amati barra, kuya kwa madzi kumangotsala pang'ono kufanana ndi msinkhu wa fundelo, ndipo limasweka. Funde limene linali mamita 2.2 pakati pa nyanja likhoza kupitirira mamita atatu pamenepo.

Ndikukayikiranso kuti munatuluka madzi akuphwa. Maboti ambiri amachita zimenezo chifukwa madzi otsika amathandiza injini, mafuta n'kupulumuka pa makilomita amene alipo kuchokera padoko kutsika ndi mtsinje wa Bons Sinais. Kuchenjera kumeneko kuli ndi mtengo wake. Kunyanja kwathu madzi amakwera ndi kutsika potengera mvula ya pachaka, pomwe nyanja yamchere imadzaza kawiri n'kuphwa kawiri tsiku lililonse, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku ndi tsiku. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima, kudzazako ndi kuphwako kumakula. Ku Beira kusiyana kwake kumafika mamita 6, msinkhu wa nyumba yosanja. Madzi onse amene analowa mumtsinje ndi m'mitengo ya m'matope ija amayenera kutuluka m'maola asanu ndi limodzi kudzera pakhomo lomwelo. Akamatuluka mothamanga n'kugundana ndi funde lalitali lochokera kunyanja, fundelo limasowa kolowera, limaima ngati khoma. Mphepo ya 6 kt inalibe nawo mbali pa mlandu umenewu.

Ine langizo langa ndi lakuti pa barra muzidutsa madzi akudzaza, makamaka ola lomalizira asanafike pachimake, pamene pali pakuya ndiponso madzi akuyenda mbali imodzi ndi mafunde. Mukaona masekondi apitirira 12 ndipo msinkhu wafika mamita awiri, musadutse madzi akuphwa, kaya kunja kuli bata lotani. Mukafika pafupi, chepetsani injini, muime pamalo akuya, muonerere kwa mphindi 15 kapena 20. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mafunde ochokera kutali amabwera m'magulu. Muona barra ili phee, madzi akunyezimira ngati galasi, mwina mbalame zikuyandama, mtima n'kumati tiyeni. Kenako kutali kuja mzere wakuda uyamba kutukuka, wina pambuyo pake, wina, mpaka asanu kapena asanu ndi awiri, onse n'kusweka motsatizana, thovu lokhalokha. Pakatero pabwereranso bata. Amene wangoyang'ana mphindi ziwiri waona batalo basi. Pobwerako kuchokera kunyanja ndiye pamanyenga kwambiri, chifukwa mumaona misana ya mafunde yosalala, kusweka kwake kuli kuseri. Ndipo laifu jaketi ivalidwe musanafike pamenepo, isakhale yotsamira.

Nambala ya 2.2 m nayo ili ndi chinsinsi chake. Azanyengo akamalemba msinkhu wa mafunde satenga lalikulu koposa. Amatenga mafunde onse, n'kuwagawa patatu, n'kusankha gawo la akuluakulu, n'kupeza pakatikati pake. Anasankha njira imeneyi chifukwa imafanana ndi zimene woyendetsa sitima wozolowera amanena akayang'ana nyanja ndi maso. Ndiye kuti pafupifupi funde limodzi pa asanu ndi awiri alionse limaposa nambala yolembedwayo. Limodzi pa 100 limaiposa ndi theka, kwa inu mamita 3.3, ndipo pa masekondi 15 mafunde 100 amadutsa m'mphindi 25 zokha. Limodzi pa 1,000 limayandikira kuiwirikiza kawiri, ndipo 1,000 amakwana m'maola anayi ndi kanthu. Mukamaona 2.2, funso likhale lakuti, kodi boti lathu lingalimbe pa funde la mamita anayi?

Tibwere ku mphepo. Chilembo kt chikuimira knot, pa Chipwitikizi nó, ndipo knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Mukafuna zachidule ingowirikizani kawiri n'kuchotsako pang'ono, 20 kt ndi makilomita 37 pa ola. Mphepo imatchulidwa ndi kumene ikuchokera, monga timachitira ndi mwera ndi vuma. Francis Beaufort, msilikali wa pamadzi wa ku Britain, anakonza muyeso mu 1805 umene mpaka lero umathandiza kuwerenga mphepo poyang'ana madzi. Pakati pa 11 ndi 16 kt thovu loyera limaoneka apa ndi apo. Pakati pa 17 ndi 21 limakhala ponseponse ndipo madzi amayamba kukuwazani kumaso. Kuyambira 22 mpaka 27 zingwe zimalira, mafunde akuluakulu ayamba kuumbika. Pa 34 ndiye mkuntho weniweni. Kwa boti laling'ono lapululu la injini imodzi, ine malire anga ndi 20 kt, ndipo ndikudziwa kuti akaputeni ambiri angandiseke. Chifukwa changa n'chakuti nambala imene amalembayo ndi ya pakatikati pa mphindi khumi, pomwe mphepo imabwera mwa mafufu, amene ku Mozambique amalemba kuti rajadas, otha kuposa nambalayo ndi magawo 40 pa 100. Ndiye 20 amasanduka 28. Kuwonjezera apo, mphamvu imene mphepo imakankhira chinthu imakula mofulumira kuposa liwiro lake, moti 28 kt imakankha boti pafupifupi kawiri kuposa 20 kt.

Mphepo ya m'chigawo chanucho ili ndi mwini wake. Kum'mwera chakum'mawa kwa Madagascar kumakhala chimulu cha mpweya wolemera chimene azanyengo amachitcha Mascarene High, potengera zilumba za Mascarene, zimene zina mwa izo ndi Mauritius ndi Réunion. Kuno kum'mwera kwa dziko mpweya umazungulira chimulu chotere mosemphana ndi mivi ya wotchi, ndiye kumpoto kwake mphepo imachokera kum'mwera chakum'mawa miyezi yambiri ya pachaka. Nthawi yozizira, mzere wa mpweya wozizira ukadutsa ku Cape Town, pambuyo pake pamabwera chimulu china chimene chimakankha mphepo yamphamvu kukwera ndi gombe, Durban, Maputo, Inhambane, Beira, Quelimane. Mphepo yomweyo ikalowa kumtunda ndi imene imakasanduka mwera kunyanja kwathu ndi chiperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo dzina lakuti chiperoni linachokera ku phiri la Chiperone, m'chigawo cha Zambézia chomwe mukukhalacho. Ndiye mwera simunausiye kwanu, mwangousamukira kufupi ndi kumene umachokera. Muziyang'ana Maputo. Mphepo ikatembenuka kumeneko n'kuyamba kuchokera kum'mwera mwamphamvu, werengani tsiku limodzi kapena awiri.

Kuyambira December mpaka March zinthu zimasintha. Mzere umene mphepo za kumpoto ndi za kum'mwera zimakumanirana, womwe umabweretsa dzinja kwathu, umatsikira pa ngalandeyi. Kumpoto kwake, chaku Pemba ndi Nacala, kumawomba mphepo ya kumpoto imene Aswahili amaitcha kaskazi, inzake ya kum'mwera ija amati kusi, ndipo ndi ziwirizi zimene zinkabweretsa ndi kubweza ngalawa zamatanga za amalonda kwa zaka mazanamazana. Nthawi imeneyi foni ikhoza kukulemberani 8 kt tsiku lonse, koma mtambo umodzi wa mabingu, wakuda kunsi ngati mphika, n'kukugwetserani 35 kt kwa theka la ola. Chizindikiro chake ndi kamphepo kozizira kobwera mwadzidzidzi mvula isanafike, ndi mzere wakuda pamadzi kunsi kwa mtambowo. Mukaona mphezi werengani masekondi mpaka bingu limveke, masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Palinso mphepo ya masana yochokera kunyanja kulowa kumtunda dzuwa likatenthetsa nthaka, imene imawonjezera mphamvu pa ya kum'mawa ija cha m'ma 2 koloko, nthawi yomwe maboti amabwerera atalemera.

Madzi eniake nawonso amayenda, zimene asodzi ena kwathu amati mweza. Mu ngalande ya Mozambique amayenda mozungulira m'mabwalo akuluakulu, ena otambalala makilomita 300, amene amatsetsereka pang'onopang'ono kulowera kum'mwera. Paliponse pamene madziwo akuyenda mosemphana ndi mphepo, mafunde amafupika n'kukhala osongoka. Kumunsi kwa Durban, kumene madzi oyenda otchedwa Agulhas amathamanga n'kukumana ndi mafunde a kum'mwera, sitima zikuluzikulu zakhala zikuthyoka. Kwa inu chofunika kukumbukira n'chakuti madzi amatchulidwa ndi kumene akupita, mosiyana ndi mphepo.

Mwafunsa kuti amadziwa bwanji za pakati pa nyanja. Kwambiri ndi masetilaiti. Ena, monga Meteosat, ali pamtunda wa makilomita 36,000 ndipo amayenda limodzi ndi dziko, moti amangoyang'ana chigawo chimodzimodzi usana ndi usiku, kujambula mitambo. Ena amauluka m'munsi, cha pa makilomita 800, monga Metop, imene imanyamula chipangizo chotchedwa ASCAT. Chimenechi chimaponya mafunde a wailesi pamadzi n'kumvetsera mmene akubwererera. Madzi osalala amabweza pang'ono, madzi amakwinya amabweza zambiri, ndipo kuchokera pamenepo amawerengera liwiro la mphepo ndi kumene ikuchokera. Ndi nzeru yomwe ija ya siginala, wotsogolera asodzi kunyanja kwathu, woyang'ana makwinya a nyanja m'mamawa, kungoti uyu ali kumwamba. Koma amadutsa pamalo kawiri kokha patsiku, ndipo kufupi ndi gombe kapena mumvula yamphamvu saona bwino. Masetilaiti ena amayeza msinkhu wa mafunde m'kanjira kopyapyala kamene akudutsamo. M'madzi momwemo muli zoyandama, kuphatikizapo za Argo pafupifupi 4,000 padziko lonse, zimene zimamira mamita 2,000 n'kutumphuka masiku khumi alionse kudzanena kutentha kwa madzi ndi kuchuluka kwa mchere. Sitima zamalonda nazo zimatumiza zimene zikuona.

Zonsezi zimalowa m'makompyuta amphamvu amene amawerengera mmene mpweya uyendere. Odziwika kwambiri ndi a ECMWF, bungwe la maiko a ku Ulaya limene likulu lake lili ku Reading ku England, ndi GFS ya ku America. Mphepo imene awerengerayo amaipereka ku pulogalamu ina yowerengera mafunde. Mapulogalamu a pafoni monga Windy amangokuonetsani zotuluka m'makompyutawa, palibe munthu amene waziunika. Kompyuta imadula nyanja m'timabwalo, ndipo ngakhale ya ECMWF kabwalo kake ndi ka makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse. Barra yanu yonse, mchenga wake umene umasuntha chaka ndi chaka, ndi madzi ophwa aja, zonse zimamira m'kabwalo kamodzi. Nambala ya pafoni ndi ya kunja kunyanja. Kuimasulira kuti pakhomo pakhala bwanji ndi ntchito yanu ndi akaputeni. Pa mafunde ochokera kutali makompyutawa ndi odalirika ndithu masiku atatu kutsogolo, chifukwa mkuntho wake unaoneka kale. Pa mtambo wa mabingu wa mawa masana, amangodziwa kuti mpata ulipo. Machenjezo ounikidwa ndi anthu muziwatenga ku INAM, nthambi ya zanyengo ya Mozambique, ndipo a pakati pa nyanja m'chigawo chanu, chotchedwa METAREA VII, amatulutsa ndi a South African Weather Service.

Tsopano za namondwe, zimene zikukusowetsani tulo. Nyengo yake kuno imawerengedwa kuyambira pa 15 November mpaka 30 April, ndipo miyezi yoopsa kwambiri ndi January, February ndi March. Namondwe amafuna madzi ofunda madigiri 26.5 kapena kuposa, ofunda mpaka pansi ndithu mamita 50, ndi mphepo ya m'mwamba yosamudula mutu. Ngalande ya Mozambique m'dzinja imakhala yofunda kuposa pamenepo, ndiye namondwe wofooka akhoza kudzuka usiku umodzi. Amene amalondola anamondwe onse a kuno ndi a Météo-France, nthambi ya zanyengo ya France, pa chilumba cha Réunion. Mphepo ikafika 34 kt, chinthucho chimapatsidwa dzina. Pa 48 kt amati mkuntho waukulu, pa 64 kt ndiye namondwe weniweni, pa 90 kt namondwe wamphamvu, ndipo kupitirira 115 kt ndi wamphamvu zedi. Ku Atlantic Amereka amalowetsa ndege mkati mwa namondwe kukayeza, koma kuno mphamvu yake amaiwerengera poyang'ana maonekedwe a mitambo pa zithunzi, njira imene Vernon Dvorak anaikonza m'zaka za m'ma 1970. Mudzaonanso kuti nambala za Amereka zimakhala zokulirapo kuposa za ku Réunion pa namondwe yemweyo. Palibe akunama, awo amayeza pa mphindi imodzi, awa pa mphindi khumi.

Cholakwika chachikulu chimene ndimaona ndi kukhulupirira mzere wa pa mapu. Mzerewo ukusonyeza kumene diso la namondwe, kutanthauza pakatikati pake, likuyembekezeka kudutsa, ndipo chigawo choutsatira chija, chimene chimanka chitambalala, chikusonyeza kumene disolo lingapatukire. Mphepo yoononga imatha kufika makilomita 100 kapena 200 kuchokera pa diso, mafunde ake kutali koposa. Anamondwe a mu ngalandeyi alinso ndi khalidwe lobwerera. Idai anayamba ngati kamkuntho kofooka kumayambiriro kwa March 2019, analowa kumtunda n'kukhuthula mvula kum'mwera kwa Malawi, anabwerera kunyanja, anakanenepa chaku Madagascar, kenako anatembenuka n'kumenya Beira usiku wa pa 14 March. Anthu oposa 1,000 anafa ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Freddy anachokera kufupi ndi Australia, anaoloka nyanja yonse ya India, anamenya Madagascar pa 21 February 2023, analowa ku Mozambique chaku Vilankulo pa 24 February, anthu n'kumati wapita. Anatulukanso, ndipo pa 11 March analowera pa Quelimane panupo asanakagwetse mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Anakhala masiku 36, ndipo bungwe loona zanyengo padziko lonse linatsimikiza kuti palibe namondwe wina wodziwika amene anakhalitsa chomwecho. Ndiye chenjezo likachotsedwa musafulumire kuponya ukonde kutali pomwe chinthucho chikadali mu ngalande.

Netiweki ikasowa, nyanja yokha imanena. Chizindikiro choyamba kawirikawiri ndi mafunde aataliatali ochokera mbali yachilendo, kum'mawa kapena kumpoto chakum'mawa, kunja kuli bata ndi kutentha kwa thukuta. Amathamanga kuposa namondwe mwini wake, ndiye amafika tsiku limodzi kapena awiri iye asanafike, ndipo kumene akuchokerako ndi kumene ali. Kumwamba kumayamba timitambo topyapyala ngati nthenga, mwezi kapena dzuwa n'kumanga bwalo. Ngati m'boti muli baromita, chipangizo choyezera kulemera kwa mpweya, chimene mafoni ena alinso nacho, muzilemba nambala yake m'kope nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. M'madera otentha nambalayi siisinthasintha kwenikweni. Imakwera pang'ono cha m'ma 10 koloko m'mawa ndi usiku, n'kutsika cha m'ma 4 koloko madzulo ndi m'bandakucha, tsiku ndi tsiku ngati kupuma kwa munthu wogona. Ikatsika ndi 3 hPa, womwe ndi muyeso wa pa baromitapo, kuyerekeza ndi mmene imakhalira pa ola limenelo, tcherani khutu. Ikatsika ndi 5, namondwe ali pafupi, lozani kudoko. Kuti mudziwe mbali imene ali, fulatirani mphepo, n'kutambasula dzanja lamanja chakutsogolo pang'ono, diso lili kumeneko. Lamuloli ndi la kuno kum'mwera kwa dziko, kumene anamondwe amazungulira motsata mivi ya wotchi. M'mabuku a ku Ulaya mudzapeza dzanja lamanzere, musasokonezeke.

Chifukwa cha kazunguliridwe komweko, mbali yoopsa kwambiri ndi ya kumanzere kwa njira yake. Namondwe akamabwera kuchokera kum'mawa kudzalowa pagombe lanu, kumanzere kwake ndi kum'mwera. Ndiye akalowera kumpoto kwa Quelimane, inu muli mbali imene mphepo ikuchokera kunyanja, ikukankhira madzi kumtunda. Pagombe losaya ngati la Sofala madziwo amaunjikana n'kukwera mamita angapo, ndipo zikakumana ndi nyanja yodzaza ya mwezi wathunthu, boti limene munalimanga padoko mukalipeza m'munda mwa munthu. Lilowetseni mkati mwa mtsinje msanga, m'kakhwawa ka mitengo ya m'matope, mulimange mbali zinayi ndi zingwe zotalika zopatsa mpata madzi akakwera, inuyo mutuluke mupite kumtunda. Mphepo ikaleka mwadzidzidzi pakati pa mkuntho, limenelo ndi diso, ndipo ibwereranso kuchokera mbali ina ndi ukali womwewo.

A ku Réunion amatulutsa uthenga watsopano maola asanu ndi limodzi alionse namondwe akakhalapo, ndipo nthawi amailemba mu UTC, nthawi imodzi yoyendera dziko lonse, imene nthawi zina amangoiika chilembo Z. Ku Mozambique, monganso ku Malawi, muziwonjezera maola awiri, ndiye 06Z ndi 8 koloko m'mawa, 12Z ndi 2 koloko masana. Mapu aliwonse amene mwalandira pa WhatsApp, yambani mwayang'ana pakona pamene palembedwa tsiku ndi ola limene anatulutsidwa. Akapitirira maola 12, funani ena.